Chimene Chayamba Kutha Ndicho Chimalamula: Limiting Reactant ndi Yield mu Chemistry

Sabata yotsegulira sukulu ikamayandikira, telala wa pamsika sapuma. Tiyerekeze kuti mmodzi wa iwo walandira ntchito yosoka malaya a yunifolomu. Malaya amodzi amadya nsalu yotalika mamita 2 ndi mabatani 6. M'shopu mwake muli nsalu ya mamita 20 ndi mabatani 42. Kodi asoka malaya angati?

Ana ambiri tikawafunsa funsoli amathamangira kunena kuti nsalu ndiyo ithe msanga, poti 20 ndi nambala yaing'ono poyerekeza ndi 42. Telala sawerengera choncho. Iye amadzifunsa kuti chilichonse mwa ziwirizi chikwanira malaya angati. Nsalu ya mamita 20, pa mamita 2 malaya amodzi, ikwanira malaya 10. Mabatani 42, pa mabatani 6 malaya amodzi, akwanira malaya 7 okha. Akamaliza malaya a nambala 7 ndiye kuti mabatani atha, ntchito yaima, ndipo nsalu ya mamita 6 yatsala pashelefu. Ngakhale mutamupatsa mpukutu wina wathunthu wa nsalu, malaya omalizidwa akhalabe 7. Wofuna malaya ambiri akagule mabatani.

Masamu a telala amenewa ndi omwewo amene ophunzira athu a Fomu 3 ndi Fomu 4 amakumana nawo mu Chemistry pa mutu wa limiting reactant ndi yield. Mutuwu umaluzitsa ana malikisi ambiri pa mayeso, ndipo kawirikawiri cholakwika chimakhala chimodzi: kuyerekeza manambala osayenera kuyerekezedwa, monga aja a 20 ndi 42. Nkhaniyi tailemba m'Chichewa kuti ganizo lake likhazikike m'mutu, komanso kuti makolo athe kutsatira zimene ana awo akulimbana nazo. Mawu ena a sayansi tawasiya monga momwe amalembedwera pa pepala la mayeso a MSCE.

Equation ndiyo muyezo wathu

Reaction ndi pamene zinthu zimene tayamba nazo zisandulika n'kukhala zinthu zina zatsopano. Zoyamba nazozo timazitcha ma reactant, zotulukazo ma product. Reactant imene yayamba kutha, n'kuimitsa ntchito yonse, ndiyo limiting reactant. Amenewa ndi mabatani aja. Inayo yotsala, monga nsalu ya pashelefu, timati ili mu excess.

Telala muyezo wake amaudziwa pamtima. Ife muyezo timaupeza mu equation yomwe yabalansidwa bwino. Titenge ya ammonia, mpweya wonunkha mwamphamvu umene amapangira feteleza:

N₂ + 3H₂ → 2NH₃

Mzerewu ukunena kuti molekyulu imodzi ya naitirojeni imafuna mamolekyulu 3 a haidirojeni, ndipo pamatuluka mamolekyulu 2 a ammonia. Tawerengani maatomu. Kumanzere kuli a naitirojeni 2 ndi a haidirojeni 6. Kumanja kulinso a naitirojeni 2 ndi a haidirojeni 6. Palibe atomu yosowa, palibenso yobadwa kumene. Angosintha anzawo ogwirana nawo. Lamulo limeneli, lakuti kulemera kwa zonse zolowa kumafanana ndi kulemera kwa zonse zotuluka, analifotokoza momveka Antoine Lavoisier wa ku France m'buku lake la Chemistry la mu 1789. Zaka zitatu pambuyo pake, mu 1792, Jeremias Richter wa ku Germany anapatsa masamu oyezera ma reaction dzina lomwe lero timaliwerenga m'mabuku kuti stoichiometry.

Manambala a kutsogolo aja, 1, 3 ndi 2, ndiwo muyezo. Equation ikakhala yosabalansidwa, chilichonse chimene muwerengere pambuyo pake chikhala cholakwika, monga telala woyesa kuti malaya amafuna batani limodzi.

Chifukwa chake magalamu amanamiza

Equation imawerenga mamolekyulu, koma m'labotale tili ndi sikelo, ndipo sikelo imangodziwa kulemera. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa.

Kilogalamu imodzi ya mbatata ndi kilogalamu imodzi ya mpunga pasikelo n'zofanana. Koma mbatatazo mungaziwerenge ndi zala, pamene mpungawo simungaumalize kuwerenga tsiku limodzi. Mamolekyulu nawonso amasiyana kulemera. Atomu ya naitirojeni imalemera 14, ya haidirojeni 1. Choncho molekyulu ya N₂ imalemera 28, ya H₂ imalemera 2. Mamolekyulu amene ali m'magalamu 28 a naitirojeni ndi ochuluka chimodzimodzi ndi amene ali m'magalamu 2 okha a haidirojeni.

Pofuna kulumikiza sikelo ndi equation, asayansi anagwirizana za mole. Mole ili ngati dazeni. Dazeni ndi zinthu 12, kaya ndi mazira, kaya makope. Mole ndi tinthu 6.022 × 10²³, kaya ndi maatomu, kaya mamolekyulu. Nambalayi imatchedwa dzina la Amedeo Avogadro wa ku Italy, amene mu 1811 ananena kuti mipweya yosiyana, ikadzaza malo ofanana pa kutentha ndi pressure zofanana, imakhala ndi mamolekyulu ochuluka mofanana. Kulemera kwa mole imodzi ya chinthu, m'magalamu, ndiko molar mass yake: 28 kwa N₂, 2 kwa H₂, ndi 17 kwa NH₃, chifukwa 14 kuphatikiza 3 ndi 17.

Ndiye chida chathu choyamba ndi ichi:

ma mole = magalamu ÷ molar mass

Tikasandutsa magalamu kukhala ma mole, equation ija tingaiwerenge motere: mole imodzi ya naitirojeni ndi ma mole 3 a haidirojeni zimabala ma mole 2 a ammonia.

Masitepe anayi

Funso lililonse la mtunduwu limayankhidwa ndi masitepe anayi.

Loyamba, lembani equation ndipo muibalanse.

Lachiwiri, sandutsani reactant iliyonse kukhala ma mole.

Lachitatu, gawani ma mole a reactant iliyonse ndi nambala imene ili kutsogolo kwake mu equation. Imene yapereka yankho laling'ono ndiyo limiting reactant. Apa mukuchita zomwe telala anachita pogawa 20 ndi 2, komanso 42 ndi 6.

Lachinayi, werengerani product pogwiritsa ntchito limiting reactant yokhayo. Inayo iiwaleni kaye.

Tiyese. Tapatsidwa magalamu 70 a naitirojeni ndi magalamu 18 a haidirojeni. Ammonia angatuluke wochuluka bwanji?

Equation tili nayo kale. Ma mole a naitirojeni ndi 70 ÷ 28 = 2.5. Ma mole a haidirojeni ndi 18 ÷ 2 = 9. Tsopano tigawe ndi manambala a mu equation. Naitirojeni: 2.5 ÷ 1 = 2.5. Haidirojeni: 9 ÷ 3 = 3. Yankho laling'ono ndi 2.5, choncho naitirojeni ndiye ayambe kutha. Taonani bwino: naitirojeniyu pasikelo amalemera pafupifupi kanayi kuposa haidirojeni, komabe ndiye wopelewera. Amene anangoyang'ana 70 ndi 18 wagwa kale.

Mole imodzi ya naitirojeni imabala ma mole 2 a ammonia. Ma mole 2.5 abala 5. Magalamu ake ndi 5 × 17 = 85.

Nanga haidirojeni watsala wochuluka bwanji? Naitirojeni wa ma mole 2.5 wadya 2.5 × 3 = 7.5. Tinali ndi 9, kwatsala 1.5, omwe ndi magalamu 3.

Musanatseke kope, dziyeseni ndi lamulo la Lavoisier. Zolowa zinali 70 + 18 = 88. Zimene tili nazo pomaliza ndi 85 + 3 = 88. Zagwirizana. Kuyesa kumeneku sikutenga ngakhale mphindi imodzi, ndipo kumagwira zolakwika zambiri m'chipinda cha mayeso.

Msampha wachiwiri

Wina ataona chitsanzo chimenechi angati, "Basi ndamva, ya ma mole ochepa ndiyo limiting reactant." Ayi ndithu. Tisinthe manambala: magalamu 56 a naitirojeni ndi magalamu 9 a haidirojeni. Naitirojeni ndi 56 ÷ 28 = ma mole 2. Haidirojeni ndi 9 ÷ 2 = ma mole 4.5. Haidirojeni ali ndi ma mole ambiri, koma sitepe lachitatu likuti tigawe: 2 ÷ 1 = 2, ndipo 4.5 ÷ 3 = 1.5. Ulendo uno wopelewera ndi haidirojeni. Ma mole 3 ake amabala 2 a ammonia, choncho 4.5 abala 3, omwe ndi magalamu 51. Naitirojeni wogwiritsidwa ntchito ndi ma mole 1.5, kapena kuti magalamu 42, ndipo magalamu 14 atsala. Kuyesa: 56 + 9 = 65, ndipo 51 + 14 = 65.

Mafunso ena sapereka magalamu. Amapereka madzi osungunuliramo mankhwala, n'kutchula volume ndi concentration yake. Masitepe sasintha, chosintha ndi njira yopezera ma mole. Timachulukitsa concentration ndi volume, volumeyo ili mu dm³. Kumbukirani kuti 1000 cm³ ndi 1 dm³.

Titenge kalamba wa magnesium wa magalamu 1.2 tiponye mu 50 cm³ ya hydrochloric acid wa 1.0 M:

Mg + 2HCl → MgCl₂ + H₂

Magnesium molar mass yake ndi 24, ndiye ma mole ake ndi 1.2 ÷ 24 = 0.05. Asidi ndi 1.0 × 0.05 = 0.05. Ma mole ndi ofanana, ndipo wina angayese kuti zonse zithera limodzi. Koma equation ikufuna asidi wowirikiza kawiri. Magnesium: 0.05 ÷ 1 = 0.05. Asidi: 0.05 ÷ 2 = 0.025. Asidi ndiye ayambe kutha. Haidirojeni wotuluka ndi ma mole 0.025, ndipo poti mole imodzi ya mpweya imadzaza 24 dm³ pa kutentha ndi pressure za m'chipinda, tipeza 0.025 × 24 = 0.6 dm³, kapena kuti 600 cm³.

Chitsanzochi ndi chabwino chifukwa yankho limaoneka ndi maso. Thovu likasiya kutuluka, mkati mwa beaker mumakhala mutatsala magnesium, theka la amene tinaponyamo. Mungamusiye mpaka mawa, sasungunuka. Mukathiramo asidi wina, thovu liyambiranso.

Nthawi zambiri excess imaikidwa dala. Popanga copper sulphate m'labotale, timathira ufa wakuda wa copper oxide mu sulphuric acid wofunda mpaka ufa wina utatsala pansi osasungunuka. Ufa wotsalawo ndi umboni wakuti asidi yense watha, ndipo n'kosavuta kuuchotsa posefa ndi filter paper. Asidi akanatsala ndiye, kumuchotsa kukanavuta. Choncho wodziwa ntchito amasankha yekha chimene chithe: amaonjeza chotsika mtengo kapena chosavuta kuchotsa, kuti chodula kapena choopsa chithe psiti.

Za papepala ndi za pasikelo

Tibwerere kwa telala. Masamu akuti asoka malaya 7. Koma posita, simbi ya makala yagwetsera khala pa malaya amodzi n'kuboola pamsana. Opereka kusukulu ndi 6. Nambala 7 ija, imene ikanatheka zonse zikanayenda bwino, ndiyo theoretical yield. Nambala 6, imene ilipodi m'manja, ndiyo actual yield. Poyerekeza ziwirizi timapeza percentage yield:

percentage yield = actual yield ÷ theoretical yield × 100

Kwa telala ndi 6 ÷ 7 × 100, pafupifupi 86 peresenti.

Theoretical yield timaipeza ndi masamu, kuchokera ku limiting reactant. Actual yield sitingaipeze ndi masamu. Imachokera pasikelo, kapena funso limatipatsa.

M'labotale, chitsanzo chodziwika ndi kuotcha magnesium mu crucible:

2Mg + O₂ → 2MgO

Okosijeni akuchokera mumpweya wotizungulira, ndipo ngwambiri, choncho limiting reactant ndi magnesium. Tikayamba ndi magalamu 0.24, ndiwo ma mole 0.01. Equation ikuti ma mole 2 a magnesium amabala 2 a magnesium oxide, ndiye tiyembekezere ma mole 0.01. Molar mass ya MgO ndi 24 + 16 = 40, choncho theoretical yield ndi magalamu 0.40. Tiyerekeze kuti gulu lanu layeza phulusa loyera lotsala mu crucible n'kupeza magalamu 0.36. Percentage yield ndi 0.36 ÷ 0.40 × 100 = 90 peresenti.

Zinazo zapita kuti? Pali mayankho angapo, ndipo ofunsa mayeso amakonda kuwafunsa. Pamene munatukula chivundikiro kuti mpweya ulowe, kautsi koyera kanathawa. Kautsiko ndi magnesium oxide amene sanafike pasikelo. Mwina magnesium wina wa mkati sanapse. Wina anagwirana ndi naitirojeni wa mumpweya n'kupanga magnesium nitride, chinthu chimene sitinachifune. M'ma reaction ena, product imakanirira pa filter paper kapena m'mbali mwa beaker posamutsa. Mwinanso ma reactant amene tinayeza anali ndi zitsotso, moti magalamu amene tinalemba sanali onse a mankhwala enieniwo.

Nanga gulu likapeza 112 peresenti? Pasakhale kuomba m'manja. Maatomu sabadwa mu crucible. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: nthawi zambiri product inayezedwa isanaume, ndipo sikelo yawerengera madzi omwe. Apo ayi muli zosakanikirana, kapena kulemera kwa chotengera sikunachotsedwe bwino. Iumitseninso, muyezenso, mpaka sikelo ipereke nambala imodzimodzi kawiri motsatizana.

Apa tili ndi pempho kwa ophunzira athu. Ena akaona kuti nambala yawo yatalikirana ndi ya papepala, amaifufuta n'kulemba yoyandikira 100. Musatero. Yield ya 62 peresenti yokhala ndi kufotokoza koona kwa kumene zinatayikira ndi ntchito yabwino ya sayansi. Yield ya 99 peresenti yopeka sikuphunzitsani kanthu, ndipo chizolowezi chake chimatsata munthu mpaka ku ntchito, kumene nambala yopeka ikhoza kukhala ya mankhwala a wodwala. Lembani zimene sikelo yaonetsa.

Masamu omwewa m'thumba la feteleza

Equation ya ammonia sitinaisankhe mwangozi. Mpweya umene timapuma uli ndi naitirojeni wokwana 78 peresenti, koma chimanga sichingamutenge mumpweyamo, chifukwa maatomu awiri a N₂ amagwirana zolimba kwambiri. Mu 1909, ku Karlsruhe m'dziko la Germany, Fritz Haber anaonetsa kuti naitirojeni angathe kukakamizidwa kugwirana ndi haidirojeni n'kutulutsa ammonia mosalekeza. Carl Bosch wa kampani ya BASF anakulitsa njirayi, ndipo fakitale yoyamba inayamba ntchito ku Oppau mu 1913. Onse awiri analandira mphoto ya Nobel: Haber ya chaka cha 1918, Bosch ya 1931.

M'fakitale yotere, naitirojeni ndi haidirojeni amalowetsedwa pa muyezo wa 1 kwa 3, monga equation ikunenera, kuti pasakhale wotsala pachabe. Komabe yield imakhala yotsika, chifukwa reaction imeneyi imabwerera m'mbuyo: ammonia wina akungopangika, wina akuswekanso kukhala naitirojeni ndi haidirojeni. Pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 450, pressure yowirikiza ka 200 ya mpweya wa panja, ndi chitsulo ngati catalyst, ulendo umodzi umasandutsa pafupifupi 15 peresenti yokha ya mipweyayo kukhala ammonia. Pa chitsanzo chathu choyamba chija, m'malo mwa magalamu 85 tikanatola osakwana 13.

Mainjiniya sanataye zotsalazo. Amaziziritsa mipweya yotuluka mpaka ammonia asanduke madzi n'kumuchotsa, ndipo naitirojeni ndi haidirojeni wotsala amamubweza kuti adutsenso. Pozungulira choncho mobwerezabwereza, pafupifupi zonse zimasanduka ammonia. Phunziro lake ndi lakuti yield yotsika ili ndi zifukwa zosiyana, ndipo mankhwala ake amatengera chifukwacho. Kautsi kothawa kamafuna chivundikiro. Reaction yobwerera m'mbuyo imafuna kuchotsa product ndi kubweza zotsala.

Ammonia ameneyu ndiye kholo la urea amene makolo athu amabereketsera chimanga:

2NH₃ + CO₂ → CO(NH₂)₂ + H₂O

Molar mass ya urea ndi 60, ndipo mwa 60 ameneyo, 28 ndi naitirojeni. Tikagawa, 28 ÷ 60 × 100 ndi 46.7 peresenti. N'chifukwa chake pathumba la urea pamalembedwa 46% N. Thumba la makilogalamu 50 lili ndi naitirojeni wa makilogalamu 23. Equation ikutiuzanso kuti makilogalamu 34 a ammonia amabala makilogalamu 60 a urea, choncho thumba limodzi limafuna ammonia wosachepera makilogalamu 28.3. Fakitale ikataya gawo la ammonia wake panjira, ndalama yotayikayo imakalowa mu mtengo wa thumba. Wophunzira wodziwa masamuwa angathe kuwerengera kholo lake zimene likugula kwenikweni.

Mpweya ukapelewera pambaula

Mafunso a mayeso amatenga kuti limiting reactant ikatha, reaction imangoima. M'moyo weniweni, kupelewera kwa reactant imodzi nthawi zina kumasintha chinthu chotulukacho. Chitsanzo chake chili m'nyumba zathu.

Makala ndi kaboni kwambiri. Akapeza okosijeni wokwanira amayaka motere:

C + O₂ → CO₂

Magalamu 12 a kaboni amafuna magalamu 32 a okosijeni. Okosijeni akachepa, moto suzima pomwepo. Umapitiriza kunyeka mwa njira ina, yofuna theka lokha la okosijeni uja:

2C + O₂ → 2CO

Apa magalamu 12 a kaboni akhutira ndi magalamu 16 a okosijeni, ndipo chotuluka ndi carbon monoxide. Pakati pa mulu wa makala onyeka okosijeni amakhala wopelewera nthawi zonse, choncho mbaula iliyonse imatulutsako mpweya umenewu. Panja mphepo imaumwaza. M'chipinda chotseka chitseko ndi mawindo umaunjikana, ndipo okosijeni wa m'chipindamo akamatsika, umatuluka wochulukirapo.

Carbon monoxide alibe mtundu, alibe fungo. M'magazi amakanirira pa haemoglobin mwamphamvu yoposa ka 200 poyerekeza ndi okosijeni, motero magazi amalephera kunyamula okosijeni kupita ku ubongo ndi mtima. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, koma munthu wogona sazimva, amangopitirira. M'miyezi yozizira ya June ndi July, chiyeso cholowetsa mbaula kuchipinda chogona chimakula, makamaka kwa ophunzira owerenga usiku pokonzekera mayeso. Tikupempha makolo ndi ana: mbaula isagone m'chipinda chotseka, ngakhale makala aoneke ngati azilala. Mukapeza munthu ali wofooka m'chipinda chotere, tsegulani zitseko, mutulutseni panja pa mpweya wabwino, ndipo thamangirani naye kuchipatala ngakhale atatsitsimuka.

Yesani nokha

Tengani kope, tsekani mayankho ali pansipa ndi dzanja, ndipo tsatirani masitepe anayi aja osadumpha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Funso loyamba. Magalamu 10 a haidirojeni ayaka ndi magalamu 64 a okosijeni motsatira equation iyi: 2H₂ + O₂ → 2H₂O. Pezani limiting reactant, theoretical yield ya madzi, ndi magalamu a reactant yotsala. Ngati madzi otoledwa ndi magalamu 63, percentage yield ndi yotani? Gwiritsani ntchito H = 1 ndi O = 16.

Funso lachiwiri. Wootcha laimu waika mu uvuni makilogalamu 250 a mwala wa laimu, umene tiutenge kuti ndi calcium carbonate yekhayekha: CaCO₃ → CaO + CO₂. Wafukula makilogalamu 105 a calcium oxide. Pezani percentage yield, ndipo tchulani zifukwa ziwiri zimene zingaitsitse. Gwiritsani ntchito Ca = 40, C = 12 ndi O = 16.

Mayankho ndi awa. Pa funso loyamba, haidirojeni ndi ma mole 5 ndipo okosijeni ndi ma mole 2. Tikagawa ndi manambala a mu equation tipeza 2.5 ndi 2, choncho wopelewera ndi okosijeni, ngakhale ndiye wolemera pasikelo. Madzi ndi ma mole 4, omwe ndi magalamu 72. Haidirojeni wotsala ndi mole imodzi, magalamu 2. Kuyesa: 10 + 64 = 74, ndipo 72 + 2 = 74. Percentage yield ndi 63 ÷ 72 × 100 = 87.5 peresenti.

Pa funso lachiwiri reactant ndi imodzi yokha, ndiye palibe choyerekeza. Makilogalamu 100 a calcium carbonate amabala 56 a calcium oxide, ndipo 44 enawo amauluka ngati carbon dioxide. Makilogalamu 250 angabale 140. Percentage yield ndi 105 ÷ 140 × 100 = 75 peresenti. Miyala ikuluikulu mwina sinapse mpaka mkati chifukwa moto unachepa, ndipo laimu wina anatayika pofukula.

Amene wapeza mayankho onsewa apeke funso lake, asinthe magalamu, apatse mnzake wa m'gulu lowerengera limodzi. Amene waphonya abwerere pa sitepe limene anadumpha. Kawirikawiri limakhala lachiwiri kapena lachitatu. Ndipo kholo lofuna kudziwa ngati mwana wamvetsa silifunika kudziwa Chemistry. Limufunse za telala uja, lisinthe manambala a nsalu ndi mabatani, limve ngati mwanayo agawe kaye asanayankhe.